Mawu Okhoma Opita kwa Lusiya

Uthenga unandipeza ndili pamakwerero, mutu m'masamba, thumba la malalanje likundikoka khosi. Foni inali pachifuwa, m'kansalu komwe ndinkaimangira, ndipo inangoti njenjenje, njenjenje, ngati kamwanapiye kofuna kutuluka m'dzira. Ndinatsika. Kapitawo anakuwa ali kumzere wachitatu: "Gogo, nthawi ya foni si ino!" Ndinapukuta chala pa kapulana, chitenje changa, n'kujambula chizindikiro changa pagalasi, foni n'kutseguka, ine n'kuiika pakhutu.

Poyamba kunamveka mpweya wokha. Kenako: ng'aa! ng'aa! ng'aa! Timawu tating'ono koma taukali, ta munthu amene wangofika kumene ndipo sanakondwe ndi mmene amulandirira. Pambuyo pake Lusiya, mwana wanga mmodzi yekhayo, mawu atasasa: "Amayi, ndi wamkazi. Zala zonse zilipo, ndawerenga kawiri. Tsopano uzani aliyense."

Uzani aliyense! Ine amene ndinatseka pakamwa miyezi isanu ndi iwiri! Nthungululu inatuluka yokha, lululululu, mbalame n'kuthawa m'mitengo. Thumba linamasuka, malalanje gubudu gubudu kutsetsereka ndi mzere, ine pambuyo pawo ndikuvina, ndine agogo, ndine agogo, leroli ndine agogo! Kapitawo anabwera kudzakalipa, ndinamugwira manja onse awiri n'kuzungulira naye.

Dikirani, ndiyambe poyambira. Zilembo izi ndaziphunzira ndi imvi kumutu, kusukulu ya akulu ya ku paroki, kutchalitchi kwathu, ndiye zikamapendama muzipirire. Ine ndimayamba ndayimba, dzanja limatsatira pambuyo likutsimphina.

Kwathu ndi kuseri kwa Mwaladzi, kumene njinga imafika itatopa. Amuna anga atamwalira mvula inakana zaka ziwiri zotsatizana, chimanga chinkafera m'mawondo. Kunabwera mayi wina wa ku Tete akufuna manja okathyola malalanje ku Joni. Ndinati manja ndili nawo awiri, ndipo palibe chimene akugwira. Lusiya anali atangokwatiwa kumene ndi Dumingu, wonyamula katundu pamalire a Kasakatiza. Ndinamusiya m'manja mwa akulu anga, aZabela. Njinga mpaka kumsewu, shapa, minibasi ya kwathu, mpaka ku Tete, basi mpaka miyendo kutupa. Pamlatho wa Zambezi ndinatsinzina n'kugwira korona.

AZabela, akulu anga a bere limodzi, ndi munthu wa sukulu. Anaphunzira kwa masisitere, amawerenga m'tchalitchi, ndipo masiku amenewo foni m'mudzi monse inali yawo yokha. Mtima wawo ndi uchi, uchi weniweni. Koma pakamwa, mayo ine, pakamwa ndi lichero lobooka: chimene mwaikamo m'mawa, pofika masana nkhuku za mudzi wonse zatola. Ine kufamu ndinalibe foni. Ndinkapita kwa kapitawo, ine ndinene, iye alembe. Yankho likabwera, iye awerenge. Mawu anga ndi a mwana wanga ankayenda chomwecho, kuno pakamwa pa munthu, uko pakamwa pa munthu.

Lusiya atayima koyamba, aZabela anakondwa mpaka anakanena kukwaya, pamjigo ndi kuchigayo. Kwathu mimba sailengeza. Imadzinena yokha ikafuna, ndipo amene waiona amayang'ana kumbali. Mwezi wachinayi inapita padera. Yachiwiri chimodzimodzi: kwaya, mjigo, chigayo, padera. Yachiwiriyo ndinaimva m'mawa tili pamzere kudikira thirakitala. Kapitawo anawerenga mokweza ngati akuitana mayina: "Gogo wa ku Mozambiki, akuti mwana wako wataya mimba kachiwiri. Akuti usadandaule." Amayi onse anayang'ana pansi. Ndinakwera thirakitala. Tsiku limenelo minga ya malalanje sindinaimve.

Kaya ndi pakamwa pa anthu, kaya ndi malungo ndi kuchepa kwa magazi monga ananenera anamwino, ine sindidziwa. Ndimaopa zonse ziwiri. Ulendo umodzi wokha umene ndinabwera kumudzi m'zaka zisanu ndi chimodzi zija, tikusinja awiriwiri, Lusiya anaimitsa musi. "Amayi, ikadzabweranso sindidzauza munthu. Ngakhale kuchipatala sindidzapita. Pamzere wa oyembekezera pamakhala maso." Ndinabwerera ku Joni ndi mawu amenewo ngati mwala m'nsapato. Mwana yekhayekha ndi mantha ake, osaonedwa ndi namwino, mayi wake ali kuseri kwa malire awiri, ndipo njira yolankhulirana ili imodzi: kudzera m'lichero lobooka.

M'komboni tinkagona asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, aliyense ndi tiranki lake lachitsulo kumutu. Kuzizira kwa kumeneko kumaluma mafupa, ndipo malalanje amapsa nthawi yozizirayo, ngati akuchita dala. Tinkadya malalanje mpaka mano kukana. Wina akadwala tinkamuthyolerako kuti dzina lake lisafufutidwe. Pakati pathu panali aNaphiri a ku Dedza, mayi wamfupi wa chiseko chachikulu, amene kale ankasesa mushopu yokonza mafoni, ndipo posesapo ankaba nzeru ndi maso.

"ANambewe," anandifunsa tsiku lina, "mudzasamba pamsewu mpaka liti? Gulani mafoni awiri, ina yanu, ina ya mwana."

Ndinagula awiri akale, a magalasi okandika. Ina ndinapatsira woyendetsa lole yodutsa pa Kasakatiza kuti akaisiye m'manja mwa Dumingu. Koma mtima sunakhazikike. Kapitawo ndinkamuona ndi maso, aZabela ndinkawadziwa; nanga awa osaoneka, onyamula mawu mumlengalenga?

Lamlungu masana, titayanika zovala pawaya, aNaphiri anandionetsa kachithunzi kakang'ono pamwamba pa malo otumizira mauthenga.

"Mukukaona aka? Akuti mawu anu amayenda okhoma ndi loko."

Ndinayandikitsa diso. "Kadeyado uyu!"

"Kwanu kadeyado, kwathu loko, bola akhome."

"Mawu akhomedwa bwanji opanda chitseko? Nanga amawanyamula ndani?"

"Nsanja zazitali zija. Iyi ipatsira inzake, inzake ipatsira inzake, mpaka ya kwanu."

"Ndiye eni nsanja samva? Ine munthu akandituma ndi mawu, ndimawamva ndisanakawatule."

"Inu mafunso ngati wapolisi wa pamalire! Dzukani."

Anakoka tiranki lawo n'kuliika pakati pa chipinda. Anatsegula kadeyado, mfungulo n'kuponya m'kamisolo, kadeyado wotsegulayo n'kundipatsa.

"Ine ndine Lusiya. Ndakutumizirani loko wotsegula. Panjira aliyense amuone, amugwire, amununkhize, palibe kanthu. Inu ikani mawu anu m'tiranki, mudine."

Ndinaikamo kasopo kanga n'kudina. Kwatsa!

Tinaitana anzathu a m'chipinda kuti akhale nsanja. Uyu anyamule apatse uyo, uyo apatse winayo, akugwedeza tiranki, akuika khutu, akuseka. "Muli chiyani?" anafunsa aNaphiri. Wina anati mwala, wina anati mbatata, wina anati mano a aNambewe. Tiranki litafika, aNaphiri anapisa dzanja m'kamisolo, kwatsa, sopo uyo.

"Mwaona? Mfungulo sunayende panjira. Unabadwira mufoni ya Lusiya, udzafera momwemo. Foni yanu nayo ili ndi wake, iye akamayankha amakhoma ndi loko wanu. Mukasuzumira panjira mupeza zinyalala zokhazokha zosamveka, ngati mapira osakaniza ndi mchenga."

Ndinakhala pansi ndikutembenuza kadeyado uja m'manja. Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti wokhoma ndiye amasunga mfungulo. Apa wokhoma alibe mfungulo, ali nawo ndi wolandira! Anthu amene anaganiza zimenezi anadya chiyani tsiku limenelo?

"Nanga wosula makadeyado sanasungeko mfungulo wina kunyumba kwake?"

ANaphiri anakanda m'mutu. "Amati ayi. Odziwa amene anasuzumiramo amatinso ayi. Ine kunyumba kwawo sindinafikeko, ndisakunamizeni. Ndipo mudziwe ichi: a nsanja amaona ndithu kuti tiranki lachoka kwa inu lapita kwa Lusiya, tsiku lakuti, lolemera mwakuti. Chimene saona ndi sopo."

Zimenezo ndinazimva bwino. Kwathunso ukasenza dengu lovindikira kupita kwa mnzako, mudzi umaona kuti wapita, koma nsalu suvundukula.

Tsono imvani uchitsiru wanga. Uthenga woyamba wa Lusiya unabwera wolemba. ANaphiri anali kumunda wina. Miyendo yanga, yozolowera njira yakale, inandinyamula mpaka kwa kapitawo: "Tandiwerengereni." Mwayi wake munalembedwa kuti foni yafika, basi. ANaphiri atamva anaseka mpaka kutsokomola.

"Tiranki layenda mayiko atatu lokhoma, lafika pakhomo, inu mwakalitsegulira pamsika! ANambewe, loko amalonda panjira. Pakhomo mlonda ndinu."

"Nanga ndichite bwanji, poti zilembo zimandithawa?"

"Inu simulemba, koma mumayimba tsiku lonse mpaka ife mitu kuwawa. Dinani apa, musachotse chala, yimbirani muno. Mawu apakamwa nawonso amakhomedwa. Ndipo pomvera ikani pakhutu, osati kuimika m'mwamba ngati wailesi ya pamowa."

Ine sindikhulupirira mankhwala ndisanawayese pa nkhuku. Ndinapita kuseri kwa thanki la madzi n'kupeka nyimbo ya mimba ya kapitawo, mimba imene imafika pamtengo mwini wake akadali kugeti. Ndinaitumiza kwa Lusiya. Ndinadikira tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu, katundu wanga ndili nditamanga kale mumtima. Kapitawo anangondipatsa moni wa masiku onse, mimba patsogolo. Lusiya anayankha ndi chiseko chokhachokha, chiseko chimene ndinali ndisanachimve chichokereni padera woyamba uja. Pamenepo ndinati kadeyado uyu ndi mwamuna.

Chinatsala chitseko cha foni yeniyeniyo, poti ya Lusiya inkapita kukadya moto wa dzuwa pabanka, kagolosale ka pamsika, pamene pamadutsa manja ambiri. ANaphiri anati foni itha kudziwa chala cha mwini wake. Tinayesa changa. Yakana. China. Yakana. Zonse khumi, yakana! Madzi a malalanje ndi minga zinali zitafufuta timizere tonse, zala zili see ngati mwala wa mumtsinje.

"Foni ikuti mulibe zala," anatero aNaphiri.

"Iuzeni ikafunse mitengo."

Ndiye anandionetsa timadontho tisanu ndi tinayi, kuti ndijambulepo njira yodziwa ine ndekha. Ndinajambula mphini imene inali patsaya la malemu amayi anga. Lusiya anakulira pamsana pawo akuisisita mphiniyo ndi kachala, ndiye nditangomuuza kuti tsaya la agogo ako, anajambula yomweyo. Mmene imakhotera sindikuuzani. Ndapusa kamodzi, sindipusanso.

Mvula itagwa, chimanga chitabisa munthu, kunabwera kanong'onong'o. Lusiya anali atakwera pachulu cha m'munda mwathu, pokhapo pamene foni imagwira bwino. "Amayi, kumwezi sindinapiteko kawiri."

Ndinaluma kapulana kuti nthungululu isatuluke.

Kuyambira pamenepo ndinamulera mwana wanga kudzera m'kabowo ka foni. Manga nsalu m'mwamba, mwanawe. Gona m'neti, mwanawe. Mtsuko waukulu usasenze, unene kuti khosi likuwawa. Za chipatala anakana, anakana, anakananso. Ine ndinayimba, ndinayimba, ndinayimbanso: usapite cha kwathu, kwera njinga ya amuna ako ngati mukukagulitsa nyemba ku Kasakatiza, kumeneko maso sakudziwa. Tsiku lina anapita. Anamwino anamupeza magazi ali ochepa, anamupatsa mapiritsi a magazi ndi oteteza malungo, n'kumuuza kuti masiku akayandikira akagone kuchidikiro, pafupi ndi chipatala. Mwezi wachinayi unadutsa. Wachisanu. Wachisanu ndi chimodzi. Ine m'komboni pakamwa tsekeee. Ankadziwa ndi aNaphiri okha, amenenso ndi tiranki lachitsulo.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri, m'mawa wina, ndinaona pafoni kamzere kachilendo, ndi pansi pake uthenga wolemba. Kuwerenga sindinkatha, koma nkhuku yachilendo m'khola ndimaidziwa. Ndinathamangira aNaphiri. Nkhope yawo inasintha.

"Kamzere aka ndinakatchera ine kuti kazitichenjeza. Akuti loko wa Lusiya wasintha."

"Wasintha bwanji? Wachita dzimbiri?"

"Mfungulo umabadwira mufoni, paja ndinakuuzani. Loko watsopano ndiye kuti foni yatsopano. Mwina Lusiya wagula ina. Mwina kakhadi ka nambala yake kalowa mufoni ya munthu wina. Loko akhoma ndithu, koma sitidziwa mfungulo uli m'kamisolo mwa yani."

"Nanga zolembazo akuti chiyani?"

"Akuti: Amayi muli bwanji. Nkhani yathu ija mukuti bwanji?"

Mawu anali kale pa lilime langa: za chidikiro, za nsalu za mwana zimene ndinagula, za tsiku limene anamwino ananena. Chala chinali pamalo odina. Koma Lusiya kundilembera ine? Iye amene adziwa kuti mayi wake zilembo ndi nyerere?

"Imbirani Dumingu mumufunse," anatero aNaphiri.

"Ine? Mkamwini wanga? Ndikamuona panjira ndimapatukira kutchire, ndiye lero ndimufunse za mimba?"

"Iyi ndi foni, aNambewe, simukuonana."

"Manyazi nawo amakwera nsanja."

Ndinali ndi mfungulo wina umene sunasulidwe ndi azungu kapena amwenye. Pali kanyimbo kamene ine ndi Lusiya tinkasinjira, kopeka tokha iye akadali kamtsikana. Ine ndiyambe, iye avomere. Ndinadina n'kuyimba mbali yanga yokha:

Njiwa yanga iwe, wamwa kuti madzi?

Ndinachotsa chala. Tsiku lonse zii. M'mawa mwake yankho linabwera, lolembanso. ANaphiri anawerenga: "Mwayimba bwino kwambiri amayi. Nanga nkhani ija?"

Mwayimba bwino kwambiri! Mawu amene aZabela amauza kwaya Misa ikatha! Ndinaseka, kenako ndinalira. Ngati foni ili kwa akulu anga, mwana wanga ali kuti? Wadwala? Yapitanso padera ndipo akuopa kundiuza? Masiku khumi ndi limodzi ndinayankha za kuzizira, za mawondo anga, za mtengo umene unandikwapula ndi nthambi. Uko afunse nkhani ija, ine ndiyankhe za malalanje. Mumtima moto, pakamwa madzi. Ndinkathyola zosapsa, kapitawo n'kumandibwezera thumba. ANaphiri ankandiikira chakudya m'manja ngati mwana.

Tsiku la khumi ndi chiwiri kunabwera nambala yachilendo, uthenga wapakamwa. Ndinajambula tsaya la amayi n'kuika pakhutu.

Ndamwa patsamba, chitsime n'cha anthu!

Iyeyo! Iyeyo mwini wake, ndi kamawu kake kokhota kumapeto! Sanamve n'komwe funso langa, koma anadziwa kuti pa nambala yachilendo mayi wake sadzatsegula pakamwa popanda njiwa. Anafotokoza akupuma mwamsangamsanga. Foni inagwera m'chitsime akutunga, anaivuula itafa kale. Amayi aakulu anati bweretsa kakhadiko ndiike mufoni yanga, mauthenga a mayi ako asasochere. Ndipo mwana angakanize bwanji amayi ake aakulu? Koma zonse zimene tinalankhulana kale zinafa limodzi ndi foni yakale, mufoni ya aZabela simunalowe ngakhale liwu limodzi. Dumingu anapeza ina ndi nambala ina. Iye tsopano anali kwa azakhali a Dumingu pafupi ndi chipatala, kumudzi atanena kuti wapita kukathandiza kukolola.

"Ndipo akumenya, amayi. Usiku wonse akumenya ngati wa mpira."

Zotsatira mwazimva kale: makwerero, ng'aa ng'aa, malalanje gubudu gubudu.

Sabata yomweyo ndinatsazika. Makwerero ndinawasisita, thumba ndinalipachika, tiranki ndinasiyira mtsikana wina watsopano. ANaphiri anandiperekeza kumsewu atandimangira kadeyado uja pansonga ya kapulana. "Mfungulo ndasunga ine," anatero, "kuti mudzabwere." Tinaseka kuti tisalire. Pamlatho wa Zambezi ulendo uno ndinatsegula maso onse awiri.

Mudzi ndinaupeza utafupika. Ana amene ndinawasiya akukwawa anandipatsa moni wa alendo. Nyumba yanga inali ndi malata amene manja anga anatumiza koma maso anga anali asanawaone. Lusiya anali atangobwera kuchokera kuchipatala, ali m'chikuta, mchombo wa mwana usanagwe, dzina asanapereke. Ndinamunyamula mdzukulu wanga, wopepuka ngati malalanje anayi, wonunkhira kuposa munda wonse wa ku Joni.

Anthu onse anabwera kudzandilonjera kupatula mmodzi. Ndinapita ndekha. AZabela ndinawapeza pakhonde akusola mtedza, tsitsi litayera mbuu, magalasi omanga ndi ulusi. Sanadzuke.

"Mwafika a ku Joni, eni makadeyado."

"Ndafika, akulu anga."

"Masiku khumi ndi limodzi kundiuza za mawondo. Unkayesa sindidziwa kuti wandizindikira?"

Ndinakhala pansi, pamphasa penipeni, n'kuyamba kusola nawo.

"Mwanayu ndamusunga ine zaka zonse uli kumalalanje," anatero. "Mitembo iwiri ija yopanda maliro ndinakakwirira ine ndi manja awa. Ukuganiza kuti zimene ankanena anthu pamjigo sindinkazimva? Kuti pakamwa pa Zabela padya adzukulu?" Anavula magalasi. "Mimba iyi ndinaiona mwezi wachitatu. Mayendedwe, malovu, nsalu yomanga m'khwapa. Kodi ndine mwana ine? Ndinaiona."

"Munaiona? Ndiye munauza yani?"

"Palibe."

"Ngakhale akwaya?"

"Ngakhale abambo mfumu pa kulapa. Miyezi isanu ndi umodzi ndaluma lilime mpaka lachita zipsera. Kukwaya ndinasiya kupita, kuopa kuti lingandipulumuke. Ndinkangofuna mmodzi wa inu andiuze ndi pakamwa pake. Mmodzi yekha."

Mtedza unandigwa m'manja. Ine kuzungulira mayiko kufuna kadeyado, kufunsa za nsanja ndi osula mifungulo, osadziwa kuti lichero la kwathu ladzisoka lokha, popanda womuyamika. Ndinamasula kadeyado wa aNaphiri pakapulana n'kuwaikira m'manja.

"Uyu ndi wanu. Mwamuposa. Mawa mwana atuluka m'chikuta, ndipo dzina mupereka ndinu."

Anamutembenuza, anamudina, anamukoka. "Mfungulo wake uli kuti?"

"Uli ku Joni, m'kamisolo mwa munthu wa ku Dedza."

Anayesa kuumitsa nkhope, koma chiseko chinawathawa m'mphuno.

M'mawa mwake, ee, m'mawa mwake! Bwalo linadzaza mpaka mbuzi kusowa podutsa. AZabela anamunyamula mwana n'kumuonetsa kudzuwa, n'kutchula dzina mokweza monga amawerengera m'tchalitchi, akundiyang'ana ine m'maso, anthu n'kugwa ndi phwete. Pa ubatizo adzapatsidwa lina, koma la pakhomo ndi limenelo, ndipo ndalivomera.

Tsono ndiwatchule amene anabwera, poti Lusiya anandiuza kuti uzani aliyense, ndipo ine ndikuuza aliyense. Anabwera aMarita a kuchigayo ndi ufa kumutu. Anabwera aJuwana ndi aRozina, amapasa a kukwaya, akuyimba asanafike. Anabwera aFilipe a banka ya moto wa dzuwa, akulumbira kuti foni ya Lusiya anaiyesa kawiri konse koma inawakana. Anabwera aNgozo ndi njinga yopanda mabuleki kuchokera ku Nsadzo, anaimira m'khola la nkhumba. Anabwera aTereza azakhali a Dumingu amene anabisa mwana wanga, Mulungu awaonjezere masiku. Anabwera aNasikwa osamva, amene anavina kuposa akumva. Anabwera aKatekisiti aBenedito ndi akazi awo aLuwiza. Anabwera Dumingu mkamwini wanga, anaima kutali kuseri kwa nkhokwe monga mwa ulemu, koma mano ake ndinawaona onse. Anabwera aNaphiri a ku Dedza, ali mufoni, nditaiimika m'mwamba ngati wailesi ya pamowa, nthungululu yawo yadutsa nsanja zonse yokhoma n'kudzatsegukira pabwalo pathu. Analipo Lusiya, njiwa yanga yomwa patsamba. Analipo aZabela, akulu anga, kadeyado ali pakhosi pamodzi ndi korona.

Ndipo pakati pa onsewo, m'manja mwawo, atakwinya nkhope, akuyasamula, mwini tsiku: Mwandibisira.